Siling'i ya Galimoto ndi Batani Lofiira Loitanira Chithandizo

Kuchokera m'tauni ya Zomba kukafika padoko la Kachulu, kugombe la kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 30. Miseu yambiri yotsikira kugombe limeneli, m'madera a Mfumu Mwambo ndi Mfumu Kuntumanji, ndi yadothi: m'chilimwe fumbi ndi mabampu, m'dzinja matope ndi mitsinje yodzaza. Kale oyenda m'miseu imeneyi adali malole, njinga zakapalasa ndi anthu apansi osenza madengu a matemba. Masiku ano mukuyendanso timagalimoto ting'onoting'ono togulidwa ku Japan titagwirapo kale ntchito, ndipo timanyamula chilichonse: amalonda a nsomba, matumba a mpunga wa ku Likangala, odwala opita ku Chipatala Chachikulu cha Zomba, ngakhalenso mkwati ndi mkwatibwi.

Ena mwa magalimoto ameneŵa ndi a mtundu wotchedwa hybrid, oyendera petulo ndi magetsi mothandizana, monga Toyota Prius imene idayamba kugulitsidwa mu 1997 ndi Toyota Aqua imene idatuluka mu 2011. Oyendera magetsi okhaokha, monga Nissan Leaf ya mu 2010, akadali oŵerengeka m'dziko muno, ndipo kumudzi saonekaoneka. Komabe mitundu yonseyi ili ndi zinthu ziŵiri zimene eni ake ayenera kuzimvetsa. Choyamba ndi siling'i, denga lofeŵa la m'kati lija limene limayamba kulendeŵera galimoto ikakalamba. Chachiŵiri ndi kabatani kofiira kolembedwa kuti SOS, kamene kamapezeka kudenga komweko, pafupi ndi galasi loonera kumbuyo, m'magalimoto opangidwa zaka zaposachedwapa. Ziŵirizi zimaoneka ngati zosagwirizana, koma zimakhala pamalo amodzi, motero munthu wokonza chimodzi amakhudza chinzake, afune asafune.

Siling'i ya galimoto si nsalu yokha ai. Pamwamba penipeni, moyang'anana ndi chitsulo cha denga, pali chibolodi chopepuka choumbidwa molingana ndi maonekedwe a galimotoyo. Pansi pa chibolodicho pali siponji yopyapyala, yochindikala mamilimita atatu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kunsi kwa siponjiyo ndiye kudamatidwa nsalu imene okwera amaiona. Ntchito yake ndi kutchinga kutentha kwa dzuŵa, kuchepetsa phokoso la mvula ndi la mseu, ndiponso kubisa mawaya. M'galimoto yoyendera magetsi ntchito yotchinga kutenthayi ndi yofunika koposa, pakuti makina oziziritsa m'kati amadya mphamvu ya batire lomwelo limene limayendetsa matayala. Denga likamaloŵetsa kutentha, mtunda umene galimoto ikadayenda umafupika.

Chimene chimafa msanga pa zitatuzi ndi siponji. Kutentha ndi chinyezi zimaidya pang'onopang'ono mpaka imasanduka ufa wofiirira, womata m'manja. Guluu amakhala akadagwirabe, koma agwira ufa, choncho nsalu imalekana ndi chibolodi nkuyamba kutsika ngati hema wodzaza madzi. Chigwa cha Chilwa chili m'munsi kuposa tauni ya Zomba ndi mamita pafupifupi 300, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kodetsa nkhaŵa. Galimoto yotseka magalasi ikaima padzuŵa padoko kudikira mabwato a ku Chisi, kutentha kwa m'kati mwake kungathe kupitirira madigiri 60. Kuonjezera apo pali chinyezi cha kunyanja, nthunzi ya nsomba zaziŵisi, ndi katundu amene amapakiridwa mpaka kugunda kudenga. Siponji imene ikadapirira zaka zambiri ku Nagoya, kuno imatha msanga. Fungo la mlamba woŵamba nalo likaloŵa m'siponjimo silitulukanso, ngakhale atatsuka mipando kangati.

Ambiri amaona ngati vutoli ndi longonyansitsa galimoto basi. Sichoncho. Nsalu yolendeŵera imatchinga galasi loonera kumbuyo, ndipo magalasi akakhala otsekula imakupiza ndi mphepo nkumwaza ufa wa siponji uja m'maso mwa woyendetsa. Pamseu wopapatiza, umene njinga za kabaza ndi ana a sukulu amayenda m'mphepete mwake, kutsinzina kwa kamphindi nkokwanira kudzetsa maliro.

Choopsa china chimabwera ndi mankhwala amene anthu amapatsa vutoli. Njira yachidule imene yafala ndi kubaya nsaluyo ndi mapini, timisomali kapena tizitsulo tomangira mapepala, ena mpaka kupingasa timitengo ta nsungwi kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Pakatikati pa denga zimenezi zingathe kuboola waya wobisika. M'mphepete, pamwamba pa zitseko, ndiye muli ngozi yeniyeni, chifukwa magalimoto ambiri atsopano ali ndi matumba a mpweya otchedwa airbag amene adapindidwa mmenemo, kuyambira pamzati wa kutsogolo mpaka wa kumbuyo. Galimoto ikagundidwa cham'mbali, ndiponso m'mitundu ina ikagubuduka, thumbalo limafufuma m'kanthaŵi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, limakankha mphepete mwa siling'i nkutsika ngati katani pakati pa mutu wa munthu ndi galasi. Pini kapena kamtengo kamene kali panjira yake kamauluka ngati muvi, kapena kamang'amba thumbalo lisanagwire ntchito. Galimoto imene ili ndi matumba otere imakhala ndi mau akuti SRS kapena AIRBAG olembedwa pamizati yake, ndipo mwini wake angathe kudzionera yekha.

Kukonza koyenera ndi kutsitsa chibolodi chonse, ndipo ntchitoyi imayamba ndi magetsi, osati ndi nsalu. Apa mpofunika kusiyanitsa mabatire aŵiri amene galimoto ya hybrid kapena yamagetsi imakhala nawo. Lalikulu ndilo limayendetsa matayala. M'galimoto ya Aqua yoyamba ija mphamvu yake ndi mavoti 144, ndipo m'galimoto ya Leaf ndi pafupifupi 360, mphamvu yokwanira kupha munthu. Mawaya ake adaŵakuta ndi chikopa cha mtundu wa lalanje kuti aliyense aŵazindikire, ndipo amadutsa kunsi kwa galimoto ndi kumalo a injini. Wokonza siling'i alibe chifukwa choŵakhudzira. Batire laling'ono ndi la mavoti 12, lofanana ndi la galimoto ina iliyonse, ndipo ndilo limadyetsa nyali, wailesi, makompyuta, ma airbag ndi batani la SOS. Limeneli ndilo loyenera kumasula. Mu Leaf limakhala kutsogolo pansi pa boneti, mu Aqua yoyamba pansi pa mpando wa kumbuyo, ndipo mu Prius zambiri zakale lili kubuti.

Mmisiri wodziŵa ntchito yake amayamba watsekula zitseko zonse ndi chitseko cha kubuti, nkugoneka mipando, popeza batire likamasulidwa loko wamagetsi wa kubuti satsekukanso, pamene chibolodi chimatulukira komweko. Kenaka amazimitsa galimoto kotheratu, kuichotsa pa chaja ngati ili yamagetsi, ndi kuika kiyi kutali. Chifukwa chake nchakuti galimoto yotere ikakhala yoyaka, batire lalikulu limapitiriza kutumiza magetsi m'mawaya a mavoti 12, ngakhale batire laling'ono litamasulidwa. Ndipo popeza injini siimveka, nkosavuta kuganiza kuti yazima pamene ili maso. Atamasula waya wa negativu amadikira. Mabuku a amakanika a Toyota amalamula masekondi 90, a Nissan mphindi zitatu, kaamba koti kompyuta ya ma airbag imasunga mphamvu pang'ono yoti igwiritse ntchito batire likaphwanyika pangozi. Wopupuluma angathe kuphulitsa thumba nkhope yake ili pomwepo. Mapulagi onse achikasu ndi a ma airbag, ndipo saayesa ndi nyali yoyesera magetsi.

Zotsatira zake ndi ntchito ya manja ndi kuleza mtima. Amachotsa zotchinga dzuŵa, zogwirira za pamwamba pa zitseko, nyali za kudenga, mipira ya m'mphepete mwa zitseko ndi zokutira mizati. Tizipanira tapulasitiki timene takhala padzuŵa zaka khumi timathyoka msanga, motero nkwanzeru kukhala ndi tina tapadera. Pulagi iliyonse yomasulidwa aijambule ndi foni kapena aimangirire kapepala. Chibolodi achitulutse anthu aŵiri, osachipinda, chifukwa chikathyoka mzere wake umaonekabe ngakhale nsalu ikhale yatsopano. Chikatuluka, ndiyo nthaŵi yoyang'ana chitsulo cha denga: ngati pali dzimbiri kapena madontho a madzi pafupi ndi eriyo, kapena pamene katundu womangidwa pamwamba adafinya denga, pakonzedwe tsopano, apo ai siling'i yatsopanoyo idzavunda ndi mvula yoyamba.

Siponji yakale aipale yonse ndi burashi mpaka chibolodi chisalale. Ntchito zambiri zimalephera pamenepa, pakuti guluu wopakidwa pa ufa wotsalira sagwira kanthu. Nsalu yoyenera ndi imene idabwera kale ndi siponji yake kumsana, ndipo guluu akhale wopirira kutentha. Guluu wamba womatira nsapato amafeŵa dzuŵa la Okutobala likafika, ndipo mwini galimoto amalipira kaŵiri. Amapaka mbali zonse ziŵiri, kudikira kuti ayambe kunanda, nkumata theka limodzi kaye, kuyambira pakati kupita m'mphepete, posisita ndi chikhatho osati ndi nsonga za zala, zimene zimasiya maenje. Ena amakonda kuika chitenje kapena chikopa chochindikala kuti galimoto ikongole. Chitenje chopanda siponji chimaonetsa madontho a guluu. Chikopa cholemera chimatsika msanga, ndipo chikakulungidwa mochindikala m'mphepete chimalimbitsa malo amene airbag iyenera kukankha. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono pobwezera zonse m'malo mwake mpamene mmisiri amakumana ndi kabokosi ka kudenga kamene kali ndi nyali zoŵerengera, maikolofoni ndi batani la SOS. Kuti munthu adziŵe choyenera kuchita nalo, ayenera kudziŵa kumene lidachokera.

Nzeru yakuti galimoto idziitanire yokha chithandizo idayamba kugwira ntchito ku America mu 1996, pamene kampani ya General Motors idakhazikitsa ndondomeko yotchedwa OnStar. Ku Japan ndondomeko yofanana nayo, yotchedwa HELPNET, idayamba mu 2000. Maiko a mu European Union adapita patsogolo nkupanga lamulo mu 2015, lakuti kuyambira pa 31 Malichi 2018 mtundu uliwonse watsopano wa galimoto yaing'ono ukhale ndi chipangizo chotchedwa eCall, choimba nambala yangozi ya 112. Akuluakulu a bungweli adaŵerengera kuti chipangizochi chingathe kufupikitsa nthaŵi imene opulumutsa amatenga kuti afike pangozi ndi theka m'madera a kumidzi, ndi magawo 40 pa 100 alionse m'mizinda. Nzosadabwitsa kuti phindu lalikulu lili kumidzi. M'tauni ngozi imaonedwa ndi anthu ambiri. Kumudzi galimoto ingathe kugwera m'ngalande usiku nkukhala mmenemo mpaka mbandakucha, ovulala akutaya magazi.

Batani lija ndi khomo chabe. Chipangizo chenicheni ndi kabokosi kobisika, m'magalimoto ena kuseri kwa dashibodi, mwa ena kudenga, pamwamba pa siling'i pafupi ndi eriyo. M'kabokosimo muli foni yathunthu yokhala ndi SIM khadi yakeyake, cholandirira mauthenga a masetilaiti chodziŵitsa pamene galimoto ili, ndipo kaŵirikaŵiri mulinso kabatire kapadera koti kagwire ntchito batire la galimoto likaphwanyika. Kabokosiko nkolumikizidwa ndi kompyuta ya ma airbag. Matumba aja akaphulika, kamaimba kokha popanda munthu kukhudza kanthu. Batani ndi la pamene woyendetsa wadwala mwadzidzidzi kapena waona ngozi ya anzake. Foni ikalumikizika, eCall imatumiza kauthenga kafupi: malo, nthaŵi, kumene galimoto imaloŵera, nambala yake ya kufakitale, ndiponso ngati ili ya petulo, dizilo, gasi kapena magetsi. Pambuyo pake mpamene wolandira foni amalankhula ndi okwera kudzera pa maikolofoni ija. Akapanda kuyankhidwa, amatumiza ambulansi ndithu.

Kampani ya Toyota idayamba kuika kabokosi kotere m'magalimoto ake atsopano a ku Japan monga chinthu chokhazikika mu 2018, poyambira pa Crown ndi Corolla Sport, ndipo mitundu ina idatsatira. Nchifukwa chake ma Sienta ndi ma Aqua akale amene adadzaza m'miseu ya Zomba alibe batanili, pamene amene akutsika padoko la Dar es Salaam tsopano nkuloŵa pachipata cha Songwe ayamba kubwera nalo. Chaka ndi chaka adzachuluka.

Pamenepa mpamene pagona nkhani. Batani la HELPNET limaimba kulikulu la ku Japan, kudzera pa netiweki ya mafoni ya ku Japan, ndipo limagwira ntchito pokhapokha mwini galimoto ali pamgwirizano ndi kampani. Galimoto ikagulitsidwa nkukwezedwa m'sitima ya pamadzi, zonse zitatuzi zimatsala kumbuyo. SIM khadi ya m'kabokosimo siidziŵana ndi nsanja za Airtel kapena TNM, ndipo ngakhale ikadalumikizika, woyankha ku Tokyo alibe ambulansi yoti atumize ku Kachulu. Galimoto zochokera ku Britain zokhala ndi eCall nazo zimafuna zinthu ziŵiri kunja kwa galimoto: netiweki yozindikira kuti foniyo ndi ya eCall, ndi likulu lokhala ndi makina omasulira kauthenga kaja. Maiko a ku Ulaya adazimanga zimenezi chifukwa lamulo lidaŵakakamiza, ndipo lamulolo silifika kuno. Ngakhale kwao komweko mabatani ambiri adafa pamene makampani a mafoni adatseka netiweki yakale ya 3G, monga zidachitikira ku America ndi ku kampani ya KDDI ya ku Japan mu 2022. Kunena mosabisa, woyendetsa amene akutsika ku Chilwa usiku akudalira batani lofiira lija, akudalira chitsime chouma.

Nanga mmisiri achite nalo chiyani? Alibwezere monga lidaliri. Nkosavuta kuganiza kuti popeza chinthucho sichigwira ntchito, mawaya ake angodulidwa kapena kusiyidwa osalumikiza, koma m'magalimoto ambiri waya wa maikolofoni ndi wa sipika ya kutsogolo amadutsira m'kabokosi komweko. Wodula mawayawo amapeza kuti sipika ina yatonthola, kapena kuti foni yolumikizidwa pa Bluetooth siikumvekanso kwa woimbirana naye. Maikolofoni ibwerere pamalo pake, timaboo take tisatsekedwe ndi nsalu kapena guluu, ndipo mawaya agonekedwe m'njira zao zakale, pamwamba pa thumba la airbag osati kunsi kwake kumene angalitchinge. Batire alilumikize pomaliza, munthu asali m'galimoto.

Galimoto ikayatsidwa, nyali ya airbag ya pa dashibodi iyenera kuyaka kwa masekondi oŵerengeka nkuzima. Ikapitirira kuyaka, ndiye kuti pulagi ina yachikasu siidakhale bwino, ndipo ntchito siidathe, ngakhale denga liŵale motani. Pafupi ndi batani la HELPNET pali tinyali tiŵiri, kobiriŵira ndi kofiira, tosonyeza ngati chipangizocho chili chokonzeka kapena ai. Kompyuta ya galimoto imasunga mbiri ya waya aliyense amene adamasulidwa magetsi ali oyaka, ndipo mbiriyo imafufutidwa ndi makina oyezera amene amalumikizidwa pasoketi ya OBD kunsi kwa chiwongolero. Magalaja ambiri a m'tauni ali nawo makinawo tsopano. Ndi makina omwewo amene amauza kompyuta kuti kabatire kapadera kaja kasinthidwa, pakuti kamatha mphamvu pakapita zaka zingapo, ndipo galimoto zina zimalemba chenjezo pa dashibodi mpaka zitauzidwa.

Kusamala kwina kukufunika pamene siling'i yonse kapena kabokosi ka kudenga kagulidwa kuchokera ku galimoto ina yophwasulidwa, monga zimene zimapezeka pamsika wa Ndirande ku Blantyre. Magalimoto aŵiri a dzina limodzi ndi chaka chimodzi angathe kusiyana kudenga: ina ili ndi matumba a m'mbali, ina ilibe; ina ili ndi batani, ina ilibe; ina maikolofoni ili kumanja, ina pakati. Chibolodi cha galimoto yopanda airbag ya m'mbali sichiyenera kuikidwa mu imene ili nayo. Wogula apite ndi nambala ya chesesi, akumbukire kuti galimoto zopangidwira msika wa ku Japan zili ndi nambala yaifupi, yosiyana ndi ya zilembo 17 imene ili pa za ku Ulaya ndi ku South Africa. Kabokosi ka foni kaja nako kadalembetsedwa ku galimoto imodzi, ndipo kakasamutsidwa kompyuta imakakana mpaka makina oyezera ataziyanjanitsa.

Zimene makina angathe kuchita zathera pamenepo. Nambala imene batani limaimba idatsekeredwa m'kati ndi opanga galimoto, ndipo siisinthidwa ngati nambala ya m'foni ya m'manja. Munthu amene angalonjeze kuti pa ndalama zakutizakuti alikonza batanilo kuti liziimba kupolisi ya Zomba, afunsidwe kuti aonetse likuimba ndalama zisanatuluke m'thumba. Chimene mmisiri wodziŵa angachite moona, m'mitundu ina, ndi kuuza kompyuta kuti ileke kufunafuna chipangizocho, kapena kuchilambalala ndi waya wapadera wosunga sipika ndi maikolofoni. Zimenezi zili ndi phindu lake. Zidaonekapo m'magalimoto ena kuti kabokosi kosoŵa netiweki kamapitiriza kuifunafuna galimoto itazimitsidwa, nkumakama batire la mavoti 12 usiku wonse. Ndipo galimoto yamagetsi ili ndi khalidwe lodabwitsa: batire laling'onolo likafa, siinyamuka, ngakhale lalikulu likhale lodzaza, chifukwa masiwichi amene amalumikiza batire lalikulu amatsekedwa ndi mphamvu ya laling'ono. Galimoto imene imagona masiku angapo kumudzi nkudzuka yakufa, pamene batire lake ndi latsopano, iyezedwe ngati pali chimene chikuba magetsi, ndipo kabokosi kaja kakhale pakati pa zoyamba kuganiziridwa.

Popeza makina sadzaimba, woimba ndi munthu. Nambala ya 997 ndi yodziŵika kuti ndi ya apolisi, ndipo mu 2019 Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi World Bank, udayambitsa ntchito ya ma ambulansi a ngozi za pamseu pa nambala ya 118, poyambira pamseu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Koma M1 imadzera ku Zalewa, kutali ndi Zomba, ndipo kugombe la Chilwa nkutalinso ndi M3 imene imadutsa m'tauni. Kwa munthu wa kunyanja, manambala opulumutsa msanga ndi a pafupi: a polisi ya m'dera, a chipatala chaching'ono choyandikira, a mlangizi wa zaumoyo, a nyakwaŵa, ndi a anzake aŵiri kapena atatu okhala ndi galimoto kapena njinga yamoto. Manambalaŵa akhale m'foni, koma alembedwenso papepala, chifukwa pangozi foni ya woyendetsa ndiyo imayamba kusweka, ndipo wodzaimba angakhale mlendo wongodutsa.

Kauthenga kamene eCall imatumiza ndi phunziro labwino la zoyenera kunena. Akatswiri amene adakakonza adasankha zinthu zochepa zokha zimene wopulumutsa sangachite popanda izo, ndipo munthu wogwidwa ndi mantha amaiŵala zomwezo, nkumangofuula kuti kwachitika ngozi. Choyamba ndi malo, otchulidwa ndi chizindikiro chimene mlendo angachipeze usiku: mlatho, sukulu, mzikiti, tchalitchi, chigayo, ndi mudzi wake. Chachiŵiri ndi kumene galimoto imaloŵera, chifukwa kunena kuti yapitirira mlatho kulibe tanthauzo ngati womvayo sakudziŵa kuti imachokera ku Zomba kapena kunyanja. Kenaka nthaŵi, chiŵerengero cha ovulala ndi mmene aliri, makamaka ngati pali wokomoka, wotaya magazi kwambiri, mai woyembekezera kapena wopanikizika m'zitsulo. Woimbayo angathe kunena motere: "Bwana, kwachitika ngozi pamseu wa ku Kachulu, galimoto imachokera kunyanja, yagwa isanafike pamlatho, ovulala ndi anai, mmodzi sakuyankha, galimotoyo ndi ya hybrid." Amene ali ndi foni ya intaneti angathe kutumizanso malo enieniwo pa WhatsApp, imene ndi ntchito yomweyo imene kabokosi kaja kakadachita. Asadule foni mpaka womvayo atabwereza zimene wamva.

Mau omalizawo, akuti galimoto ndi ya hybrid kapena yamagetsi, si ongokometsera. Anthu othamangira kudzathandiza amamva kuti zii nkuganiza kuti injini yazima, pamene galimotoyo ili yoyaka ndipo ingathe kuyenda phazi la wovulala likakhudza chopondera. Woyamba kufika ayang'ane pa dashibodi: mau akuti READY akakhala akuŵala, galimotoyo ili maso. Aizimitse ndi batani lake, atenge kiyi nkupita naye kutali, ndipo aike miyala kumatayala. Opanga magalimotoŵa adakonza zoti batire lalikulu lizidzilekanitsa lokha pangozi yaikulu, komabe waya wa mtundu wa lalanje wong'ambika asakhudzidwe, ndipo nkhwangwa kapena chitsulo chotukulira zisaloŵetsedwe kunsi kwa galimoto kumene batire limakhala. Odula denga kuti atulutse anthu akumbukirenso matumba aja a m'mphepete: limene silidaphulike lingathe kuphulika podulidwa.

Madzi nawo ali ndi chenjezo lao. Omvera a m'chigwa cha Chilwa sadaiŵale mmene mitsinje idasefukira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Galimoto yamagetsi imene yamira siiyenera kuyatsidwa kuti aone ngati ikugwira ntchito. Madzi akaloŵa m'batire lalikulu, makamaka madzi amchere, moto ungathe kubuka patapita masiku, monga zidachitikira ku Florida ku America namondwe wa Ian atadutsa mu 2022. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake, ndipo nchifukwa chake madziwo ali ndi mchere. Galimoto yotere ikokedwe nkuimikidwa pabwalo, kutali ndi nyumba zaudzu, nkhokwe ndi milu ya mpunga, mpaka mmisiri wodziŵa za mabatire ataiona.

Pepala la manambala lija malo ake abwino ndi kuseri kwa chotchinga dzuŵa cha woyendetsa, chimene mmisiri amabwezera pomalizira penipeni pa ntchito ya siling'i. Lilembedwe ndi zilembo zazikulu, likutidwe ndi pulasitiki kuopa chinyezi, ndipo limangidwe ndi mphira, osati ndi pini. Pamwamba pake palembedwe dzina la mwini galimoto, mtundu wa galimotoyo, ndi pamene pali batire laling'ono.